Mafunso ndi mayankho: Chibadwa cha munthu ndi kagwiridwe ka mankhwala a khunyu

Anthu odwala khunyu akakhala pa benchi kudikira kulandira mankhwala, kaya ndi ku Salima, ku Khombedza, ku Benga kapena ku Nkhotakota, amaonetsana timapepala ta mapiritsi n'kufunsana kuti zikuyenda bwanji. Zimene amapeza n'zakuti piritsi limodzimodzi lachiritsa uyu, lagonetsa tulo uyo, ndipo wina lamutulutsa zidzolo thupi lonse. Mafunso ali m'munsimu ndi ochokera pa kudabwa kumeneku. Mayankho ake salowa m'malo mwa malangizo a dokotala amene akukuonani.

Ine ndi mnansi wanga timamwa mankhwala ofanana, koma iye anasiya kugwa pamene ine ndikugwabe. Zimatheka bwanji?

Zimatheka ndithu, ndipo si zachilendo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo kuti anthu ofika 70 pa 100 alionse akhoza kusiya kugwa atapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. Koma si onse amene amathandizidwa ndi mankhwala oyamba. Pa kafukufuku wa ku Glasgow, m'dziko la Scotland, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2000, odwala 47 pa 100 alionse anasiya kugwa ndi mankhwala oyamba, ena 13 anasiya atawasinthira achiwiri, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu anapitirizabe kugwa.

Piritsi likamezedwa limayenda ulendo wautali: limasungunuka m'mimba, limalowa m'magazi, limadutsa m'chiwindi, kenako mbali yake imafika mu ubongo kumene kuli ntchito yake. Pa ulendowu pali malo atatu pamene chibadwa cha munthu chimasintha zinthu. Chiwindi chikhoza kuphwanya mankhwala mofulumira kapena mochedwa, chitetezo cha m'thupi chikhoza kuwalandira kapena kuwaona ngati mdani, ndipo ubongo weniweniwo ukhoza kukhala ndi mtundu wa khunyu umene sugwirizana ndi mankhwalawo.

Ndinamva pa wailesi akuti nkhaniyi ndi ya majini. Kodi ndi majini omwe aja a mizimu?

Ayi, ndipo funsoli n'lofunika kwambiri kuno kunyanja, kumene mawu akuti majini tinawadziwa kalekale kuti amanena za mizimu yogwira anthu. Munthu wa ku Nkhotakota akamva kuti mwana wake akugwa chifukwa cha majini, sitingamudzudzule ngati ayamba kuganiza zopita naye kokatulutsa mizimu. Majini amene asayansi amanena ndi chinthu china, mawuwo angofanana kamvekedwe.

Majini a asayansi ndi malangizo olembedwa m'kati mwa maselo, tizidutswa ting'onoting'ono topanga thupi, pa chinthu chotchedwa DNA. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, ndipo amalandira theka kuchokera kwa mayi, theka kwa bambo. Malangizowa ndi amene amachititsa kuti mwana atengere mphuno ya agogo ake kapena msinkhu wa amalume ake. DNA ya anthu awiri alionse imafanana pafupifupi 99.9 pa 100, koma popeza zilembo zake ndi pafupifupi 3 biliyoni, kachigawo kotsalako kali ndi malo mamiliyoni angapo pamene anthu amasiyana. Ngakhale ana a mimba imodzi salandira zofanana ndendende, kupatula mapasa ofanana. Pofuna kupewa chisokonezo, m'mayankho otsatirawa tizigwiritsa ntchito kwambiri mawu akuti chibadwa.

Chiwindi chikukhudzidwa bwanji, pamene matendawa ndi a mu ubongo?

Chiwindi chili ngati chigayo cha thupi. Mankhwala ambiri a khunyu amene amapezeka m'zipatala zathu, monga phenobarbitone, phenytoin, carbamazepine ndi sodium valproate, amaphwanyidwa m'chiwindi asanatuluke m'thupi. Ntchito yophwanyayo imagwiridwa ndi tinthu totchedwa ma enzyme, ndipo kapangidwe ka enzyme iliyonse kamachokera ku chibadwa. Munthu wina anabadwa ndi chigayo chothamanga, moti mankhwala amatha msanga m'magazi mwake n'kumusiya wosatetezeka nthawi yomwera ena isanakwane. Wina chigayo chake n'chochedwa, ndipo mlingo umene uli wabwinobwino kwa anzake umaunjikana mwa iye mpaka kusanduka poizoni.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi phenytoin, mankhwala amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu mu 1938. Enzyme imene imaphwanya mbali yaikulu ya mankhwalawa imatchedwa CYP2C9, mothandizidwa pang'ono ndi ina yotchedwa CYP2C19. Anthu ena ali ndi mitundu yofooka ya CYP2C9. Kwa azungu, mitundu yofooka imene imapezeka kwambiri ndi imene inapatsidwa nambala 2 ndi 3, pamene kwa anthu a ku Africa imapezeka kwambiri ndi ya nambala 5, 6, 8 ndi 11. Chovuta china cha phenytoin n'chakuti chigayo chake chimadzaza msanga ngakhale mwa munthu amene enzyme yake ili bwino. Aliyense amene anapitako kuchigayo nthawi yokolola akudziwa zimene zimachitika: malinga ngati anthu akubwera mmodzimmodzi, mzere sukula, koma chigayo chikafika pamapeto pa mphamvu zake, matumba awiri okha owonjezera amadzaza khonde lonse. N'chifukwa chake kuwonjezera pang'ono chabe mlingo wa phenytoin kukhoza kukweza kwambiri kuchuluka kwake m'magazi, kumene madokotala amafuna kuti kukhale pakati pa mamiligalamu 10 ndi 20 pa lita imodzi.

Tiyerekeze msodzi wa ku Senga Bay amene wawonjezeredwa mlingo masabata awiri apitawo. M'mawa akutsika padoko akudzandira, lilime likulemera polankhula, akuona zinthu ziwiriziwiri, ndipo amene angamuyang'anitsitse m'maso aona kuti maso akugwedezeka okha akayang'ana cham'mbali. Anzake okoka nawo khoka amuseka kuti walawirira kachasu, mkazi wake akhumudwa, pamene munthuyo sanalawe n'komwe. Zimenezi ndi zizindikiro za kuchuluka kwa phenytoin m'thupi, ndipo chofunika ndi kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo, osati kudikira tsiku lolembedwa m'buku. Kutupa kwa nkhama, kumene kumachitika kwa ena amene amwa phenytoin nthawi yaitali, nakonso n'koyenera kuonetsa a dokotala.

Phenobarbitone, amene ndi akale kuposa ena atatu aja chifukwa anayamba mu 1912, amakhalitsa m'thupi la munthu wamkulu kwa masiku angapo, moti pamatenga masabata awiri kapena atatu kuti mlingo watsopano ukhazikike. Ena amawodzera nawo kwambiri, pamene ana ena amasanduka osakhazikika ndi ovuta m'kalasi.

Mwana wanga watuluka zidzolo atayamba carbamazepine. Kodi tidikire kuti zitha zokha?

Musadikire. Pitani naye kuchipatala lero, mutatenga mankhwalawo ndi buku lake.

Zidzolo zambiri zobwera ndi mankhwala zimakhala zazing'ono, koma pali mtundu wina woopsa wotchedwa Stevens-Johnson, umene poyamba sungasiyanitsidwe mosavuta ndi zidzolo wamba. Umayamba ndi kutentha thupi, kuwawa kwa pakhosi ndi kufiira maso, zimene kuno munthu angafulumire kuzitcha malungo. Kenako pamabwera zilonda m'kamwa, m'milomo ndi kumaliseche, matuza pakhungu, ndipo khungu limayamba kusupuka ngati la munthu wopsa ndi madzi otentha. Vutoli limapha, ndipo ena opulumuka amatsala ndi maso owonongeka. Nthawi zambiri limabwera m'miyezi iwiri yoyambirira munthu atayamba mankhwala atsopano, choncho nyengo imeneyi ndi yofunika kuti a pabanja akhale tcheru.

Apa ndi pamene sayansi ya chibadwa inaonetsa mphamvu zake momveka bwino. Mu 2004, ofufuza a ku Taiwan anapeza kuti odwala amene anasupuka khungu atamwa carbamazepine anali ndi chizindikiro china cha chitetezo cha m'thupi chotchedwa HLA-B*15:02. Chizindikirochi chimachititsa kuti asilikali a m'thupi aone mankhwalawo ngati mdani n'kuyamba kuwononga khungu la mwiniwake. Mu 2007, bungwe loona za mankhwala ku United States la FDA linalangiza kuti anthu ochokera ku Asia aziyezedwa kaye asanayambe carbamazepine, ndipo ku Taiwan kuyeza kumeneku kunachepetsa kwambiri vutoli. Mu 2011 kunapezekanso chizindikiro china, HLA-A*31:01, chimene chimawonjezera ngozi ya zidzolo za carbamazepine kwa azungu ndi anthu a ku Japan.

Tsono pali mfundo imene owerenga nkhani za pa intaneti ayenera kuimvetsa. HLA-B*15:02 imapezeka kwambiri ku Thailand, ku Malaysia, ku Philippines ndi kum'mwera kwa China, koma mwa anthu a ku Africa ndi yosowa kwambiri. Zimenezi sizikutanthauza kuti Mmalawi sangasupuke khungu ndi carbamazepine. Zikutanthauza kuti kuyeza kumene kunapulumutsa anthu ku Taiwan sikungatiuze zambiri ife. Umboni wakuti ifenso tili ndi zizindikiro zathu unapezeka konkuno: kafukufuku wochitika pakati pa Amalawi amene ankamwa nevirapine, mankhwala a HIV amene ambiri akuwakumbukira chifukwa cha zidzolo, anasonyeza mu 2013 kuti chizindikiro chotchedwa HLA-C*04:01 chinali chogwirizana ndi kusupuka kwa khungu.

Chinthu chinanso n'chakuti carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone ndi apachibale pa kapangidwe kawo, moti munthu amene thupi lake linakana amodzi akhoza kukananso enawo. Choncho dzina la mankhwala amene anabweretsa zidzolo lilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba la buku la kuchipatala, ndipo buku likadzaza kapena likanyowa, mawuwo akoperedwe m'buku latsopano.

Kodi n'zoona kuti mankhwala a khunyu akhoza kuwonjezera kugwa m'malo mochepetsa?

Kwa anthu ochepa, inde. Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga kudzera m'timakomo ting'onoting'ono tolowetsa mchere wotchedwa sodium. Carbamazepine ndi phenytoin amagwira ntchito mwa kutseka pang'ono timakomo timeneti kuti ubongo usachite phokoso lopitirira. Koma pali ana ena amene amabadwa ndi vuto pa jini yotchedwa SCN1A, imene imapanga timakomo ta maselo amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo, ngati mabuleki a njinga. Mwa ana otere mabulekiwo ndi ofooka kale, ndiye mankhwala otseka timakomo amangowafooketsa kwambiri, kugwa n'kuwonjezeka.

Matendawa amatchedwa Dravet, potengera dzina la dokotala wa ku France, Charlotte Dravet, amene anawafotokoza mu 1978, ndipo kugwirizana kwake ndi SCN1A kunadziwika mu 2001. Amayamba mwana asanakwanitse chaka, nthawi zambiri ndi kukomoka kotenga nthawi yaitali pamene thupi latentha, mwina mbali imodzi ya thupi lero, mbali ina ulendo wotsatira. Kwa ana ambiri kusintha kwa jiniyi kumayambira mwa mwanayo, osati kuchokera kwa makolo, choncho palibe chifukwa choti akuchimuna ndi akuchikazi azilozana zala. M'dera ngati lathu, kumene kutentha thupi ndi kukomoka kwa ana kumaganiziridwa msanga kuti ndi malungo, mwana wotere akhoza kutenga nthawi asanazindikiridwe. Mayi amene waona kuti mwana wake akukomoka pafupipafupi kuposa kale chiyambire mankhwala atsopano anene zimenezo momveka, ndipo ngati angathe abweretse chiwerengero cha masiku amene mwanayo anagwa.

Palinso mitundu ina ya khunyu, monga ija mwana amangoti duu kwa timphindi tochepa osagwa pansi, imene carbamazepine akhoza kuikulitsa. Komanso ana amene ali ndi vuto pa jini yotchedwa POLG sayenera kulandira sodium valproate chifukwa amawawonongera chiwindi. Kumbali yosangalatsa, pali makanda ena ochepa kwambiri amene kukomoka kwawo sikumva mankhwala alionse a khunyu koma kumaleka akapatsidwa vitamini B6.

Matenda anga anayamba nditadwala malungo aakulu ndili mwana. Ndiye chibadwa chikubweramo bwanji?

Tisiyanitse zinthu ziwiri: chimene chinayambitsa matenda, ndi mmene thupi limalandirira mankhwala. Kuno kwathu anthu ambiri amadwala khunyu chifukwa cha chipsera cha mu ubongo, chobwera ndi malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kubanika pobadwa, kuvulala m'mutu pa ngozi, kapena mazira a nyongolotsi za nkhumba amene munthu akawameza, mphutsi zake zimafika mu ubongo n'kupanga timatumba. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2010 anatsatira ana 132 opulumuka ku malungo a mu ubongo, ndipo 12 mwa iwo anadzayamba khunyu, pamene mwa ana 264 oyerekezera nawo, amene sanadwale malungo a mu ubongo, panalibe ndi mmodzi yemwe. Kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja ndi m'madambo a mpunga monga ku Lifuwu, kumene udzudzu susowa, nkhani imeneyi ndi yapafupi.

Khunyu yotere si yotengera kumtundu. Komabe chiwindi chanu ndi chitetezo cha m'thupi lanu ndi zimene munabadwa nazo, moti zonse zimene tanena za phenytoin ndi za zidzolo zikukukhudzani mofanana ndi wina aliyense.

Kodi ndingayezetse chibadwa changa kuti a dokotala adziwiretu mankhwala ondiyenera?

Kuyeza kotere si mbali ya chithandizo cha tsiku ndi tsiku m'zipatala za m'maboma athu. Ndi bwinonso kunena mosabisa kuti ngakhale m'mayiko olemera, kuyezaku sikunafike pouza dokotala mankhwala amene achiritse wodwala aliyense. Kumathandiza kwambiri pa zinthu zochepa zodziwika bwino: kupewa kusupuka kwa khungu, kusankha mlingo woyambira wa phenytoin, ndi kuzindikira mitundu ina ya khunyu ya ana. Pa funso lalikulu lakuti n'chifukwa chiyani munthu mmodzi mwa atatu samva mankhwala, panali chiyembekezo chachikulu mu 2003 pamene ofufuza ena analoza jini yotchedwa ABCB1, imene imapanga kampope kotulutsa mankhwala mu ubongo, koma ofufuza ambiri amene anabwereza ntchitoyo sanapeze zofanana.

Vuto lina ndi lathu lenileni. Anthu a ku Africa ndi amene amasiyanasiyana chibadwa kuposa anthu a kwina kulikonse, koma kafukufuku wambiri wachitika pa azungu. Pamene ofufuza a H3Africa, ntchito yofufuza chibadwa ndi umoyo wa anthu a mu Africa, anawerenga DNA ya anthu 426 okha ochokera m'mitundu 50 ya mu Africa, anapeza malo osiyana opitirira 3 miliyoni amene anali asanalembedwepo, malinga ndi zimene anafalitsa mu 2020. Ndiye munthu wa ku Salima amene angalipire ndalama zambiri kunja kuti ayezedwe ndi chipangizo chongoyang'ana mitundu 2 ndi 3 ya CYP2C9 akhoza kuuzidwa kuti zonse zili bwino, chikhalirecho ali ndi mtundu 8 umene chipangizocho sichinaufufuze.

Pakadali pano fodya wako ndi amene ali pamphuno. Njira imene madokotala athu amatsata, yoyamba ndi mlingo wochepa, kukweza pang'onopang'ono, ndi kufunsa wodwala mmene akumvera, ndi njira yofufuzira chibadwa chomwecho kudzera m'zimene thupi likuonetsa. Mbiri ya pabanja nayonso ndi umboni: ngati mchemwali wanu kapena mayi anu anatupa kapena kusupuka khungu ndi mankhwala ena a khunyu, auzeni a dokotala musanayambe kumwa.

Ndikugwabe ngakhale ndikumwa mankhwala. Kodi ndivomereze kuti ndi chibadwa changa?

Musafulumire kutero. Mwa zifukwa zonse zimene zimachititsa kuti munthu azigwabe, chibadwa ndi chimene chiyenera kuganiziridwa pomalizira, chifukwa zinazo n'zofala kwambiri ndipo zambiri n'zotheka kuzikonza. Madokotala amanena kuti khunyu yakana mankhwala pokhapokha mitundu iwiri yoyenera itayesedwa pa mlingo wokwanira, kwa nthawi yokwanira, wodwala akumwa mosadumphitsa.

Choyamba ndi kudumphitsa kumene. Munthu wokhala kutali, amene ulendo wa kabaza wopita kuchipatala umadya ndalama ya ndiwo za sabata, kapena amene anafika n'kupeza kuti mankhwala ake atha, akhoza kukhala masiku angapo osamwa, ndipo kusiya mwadzidzidzi, makamaka phenobarbitone, kumabweretsa kukomoka koopsa kosalekeza. Kusagona nakonso kumadzutsa matendawa, zimene zikukhudza asodzi a usipa ochezera panyanja ndi nyali usiku wonse ndiponso ogwira ntchito za usiku m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Munthu amene akugwabe sayenera kukwera bwato kapena kusamba m'nyanja ali yekha. Mowa ndi chifukwa china.

Kenako pali kulimbana kwa mankhwala m'chiwindi. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafulumizitsa chigayo chija, moti mankhwala ena amaphwanyidwa msanga. Amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene Amalawi ambiri akumwa kuyambira mu 2019, choncho a kukiliniki ya ma ARV ndi a kukiliniki ya khunyu onse ayenera kudziwa zonse zimene mukumwa. Amachepetsanso mphamvu ya mapiritsi olera ndi njira yolera ya pamkono, pamene jakisoni wa Depo ndi lupu sizisokonezeka motero. Pa mankhwala a chifuwa chachikulu, rifampicin amatsitsa mlingo wa mankhwala angapo a khunyu, pamene isoniazid amakweza phenytoin. Pomwepa chibadwa chimalowereranso, chifukwa anthu amene enzyme yawo yotchedwa NAT2 ndi yochedwa amasunga isoniazid nthawi yaitali m'thupi, ndipo ndi amene amadzandira kwambiri ndi phenytoin akamamwa mankhwala awiriwa pamodzi.

Mankhwala anga akatha, kodi ndingabwerekeko kwa m'bale wanga amene amamwa mtundu wina?

Ayi. Mtundu ndi mlingo umene unakhazikika pa m'bale wanu unapezeka poyesa thupi lake, osati lanu, ndipo mtundu watsopano uliwonse umatsegulanso miyezi iwiri ija ya ngozi ya zidzolo. Pitani kukatenga mankhwala kutatsala sabata kuti athe, ndipo ngati mtundu wanu palibe, a dokotala ndi amene asankhe cholowa m'malo.

Ndikufuna kukhala ndi pakati. Kodi mwana adzatengera matendawa, nanga mankhwalawa amuvulaza?

Ana ambiri obadwa kwa mayi kapena bambo wodwala khunyu sadwala matendawa, ndipo ngati anu anayamba chifukwa cha malungo kapena kuvulala m'mutu, nkhawa ya kutengera ndi yochepa kwambiri. Matendawa sapatsirananso kudzera m'malovu, m'thovu la kukamwa kapena kudyera mbale imodzi.

Nkhani yofunika kukambirana msanga ndi ya mankhwala. Sodium valproate ndi amene ali ndi ngozi yaikulu kwa mwana wosabadwa: pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 obadwa kwa amayi amene ankamwa mankhwalawa ali oyembekezera amabadwa ndi chilema, monga msana wosatsekeka bwino, ndipo ena ambiri amachedwa kulankhula ndi kuphunzira. Popeza msana wa mwana umaumbika m'mwezi woyamba, nthawi imene mayi sanadziwe n'komwe kuti waima, kukambiranaku kuchitike pakati pasanakhale, kuti a dokotala aone ngati n'kotheka kusintha mtundu, kutsitsa mlingo, ndi kuyambitsa mapiritsi a folic acid. Mayi amene wazindikira kuti ali kale ndi pakati asasiye yekha mankhwala, chifukwa kukomoka ali pafupi ndi moto kapena pamadzi n'koopsa kwa iye ndi kwa mwanayo. Apite kusikelo msanga, atatenga buku limene muli dzina la mankhwala, mlingo wake, tsiku limene anagwa komaliza, ndi mankhwala alionse amene thupi lake linawakanapo.